MATT TALBOT, BWENZI LA ZIDAKWA

Nyengo ya malonda ikafika m'boma lino la Mchinji, fodya atapita ku okushoni ndipo mtedza utayezedwa pa sikelo za pa Kamwendo ndi pa Kapiri, aphunzitsi a katekisimu amadziwiratu milandu imene idzadza pa khomo pao. Mai afika m'mamawa, mwana ali kumbuyo, nanena kuti mwamuna wake adachoka Lachisanu ndi ndalama za khasu la chaka chonse, ndipo wabwera Lolemba wapansi, njinga ataisiya chikole kwa wotcheza kachasu. Ankhoswe adakhalirapo kale pansi, akulu a mphakati naonso adafikako. Munthuyo adagwada, nalira, nalonjeza pamaso pa onse, koma mwezi usanathe adabwerera ku botolo. Tsono aphunzitsi ambiri amafunsa ansembe funso ili: kodi munthu wotere angathe kusinthika, kapena Mpingo ukungodzitopetsa naye?

Maboma adayesapo mbali yao. Dziko la Zambia lidaletsa kachasu wa m'timapaketi, wotchedwa tujilijili, m'chaka cha 2012, ndipo Malawi adatsatira mu 2015. Adachita bwino, pakuti timapaketi tija tinkalowa ngakhale m'matumba a ana a sukulu. Komabe mowa womwewo udangosamukira m'timabotolo, ndipo migolo ya m'midzi sidaleke kuwira.

Funso la aphunzitsi lija liyankhidwa bwino ndi moyo wa munthu wina wonyamula matabwa wa mu mzinda wa Dublin, m'dziko la Ireland, dzina lake Matt Talbot. Sadali wansembe, ndipo sadalembe buku. Zimene zidziwika za iye zidachokera kwa alongo ake ndi kwa anzake a pa nchito, amene adamkumbukira atamwalira, nachita umboni molumbira pa bwalo la Eklezia.

Mwana wa m'nyumba ya mowa

Matt, ndiye kuti Mateyo, adabadwa pa 2 May 1856, wachiwiri mwa ana 12 a Charles ndi Elizabeth Talbot. Banjali lidali losauka. Bambo wake ankamwa kwambiri, ndipo abale ake aamuna pafupifupi onse adatsata mapazi a bambo wao. Ku sukulu adangopitako pang'ono. Ali ndi zaka 12 adalembedwa nchito kwa ogulitsa vinyo ndi mowa wa m'mabotolo, ndipo chaka chisanathe adayamba kufika kunyumba ali dzandidzandi. Bambo wake adamkwapula, namchotsa kumeneko, nampezera nchito ku doko. Koma kudokoko ndi kumene ankasungira migolo ya wisiki. Kudali kuchotsa mbuzi m'munda wa chimanga ndi kukaimangirira pa nkhokwe.

Zaka 16 zidapita motero. Pambuyo pake adagwira nchito yotumikira amisiri omanga nyumba, ndipo padalibe amene ankamnena ulesi: ankagwira nchito mwamphamvu, koma malipiro onse ankathera m'nyumba ya mowa. Ndalama zikatha ankamwa pa ngongole. Ngongole ikatsekedwa ankapinyolitsa nsapato zake, nabwerera kwao wopanda nsapato. Tsiku lina iye ndi anzake adaba choimbira cha munthu wina wosauka amene ankapeza chakudya poimba m'miseu, vayolini, chonga kaligo wa kuno koma cha nsambo zinai. Adachigulitsa, namwera ndalamazo. Pa Misa ya tsiku la Mulungu ankapitabe, koma ku masakramenti adaleka kufikako.

Loweruka lina la 1884

Ali ndi zaka 28, padali sabata ina imene sadapite ku nchito chifukwa cha mowa, kotero kuti Loweruka lolandira malipiro lidampeza alibe ngakhale kakobiri. Adakaima pafupi ndi khomo la nyumba ya mowa ya O'Meara, kudikira anzake amene adali atalandira. Anthuwo iye adawagulira mowa kambirimbiri, ndipo sadakayike kuti mmodzi adzamkodola. Adafika mmodzimmodzi, namlambalala, nalowa. Padalibe amene adamuitana.

Aphunzitsi aonetsetse apa, pakuti ambiri amayembekeza kuti kutembenuka kwa munthu kuyambe ndi ulaliki wamphamvu kapena ndi maloto. Matt chidamdzutsa ndi manyazi, ndiponso mkwiyo poona kuti ubwenzi wa pa mowa umatha pamodzi ndi ndalama. Chaulere cha Mulungu chidalowera pa khomo limenelo, ngakhale lidali lonyozeka. Adabwerera kunyumba kusanade, ali wosaledzera, mai wake nadabwa. Adamuuza kuti akupita kukachita lonjezo losiya mowa. Maiyo, amene adaona malonjezo ambiri akusweka m'nyumba mwake, adamchenjeza kuti asalichite ngati sadzalisunga.

Lonjezo lotere lidali mwambo wodziwika ku Ireland chiyambire 1838, pamene Bambo Theobald Mathew, wa chipani cha Akapuchini, adayamba kulalika za kudziletsa mowa mu mzinda wa Cork. Matt adapita ku Holy Cross College ku Clonliffe, imene idali seminale ya dayosizi ya Dublin, nyumba yophunzitsira ansembe monga Kachebere, amene adatsegulidwa kuno mu 1939. Kumeneko adapeza wansembe, nalapa machimo ake, nalonjeza kusamwa mowa miyezi 3. M'mawa mwake adamva Misa, nalandira Ukaristia.

Miyezi itatu yokha

Miyezi 3 ija ndiyo mtima wa phunziro lino. Matt sadalonjeze za moyo wonse pa tsiku loyamba, ndipo ngakhale miyezi itatuyo sadakhulupirire kuti adzaitha. Adauza mai wake kuti nthawiyo ikangokwana adzamwanso. Itakwana adaonjezera ina, ndipo pambuyo pake ndi pamene adalonjeza kufikira imfa. Adasunga zaka 41. Olemba mbiri yake amanena kuti zaka 7 zoyamba zidali zowawa koposa.

Kuno kumachitika zosiyana. Munthu akagwidwa ndi chisoni atalakwira banja lake, akulu a mpingo amamuimika pamaso pa akristu onse kuti alumbire kuti sadzalawanso mowa mpaka kumanda. Anthu amaomba m'manja, amai amaluluta. Akagwa patapita masabata atatu, manyazi ake amakhala awiri: a kuledzera ndi a kuswa lumbiro. Ndiye amaleka kubwera ku tchalitchi, ndipo amamwa kuposa kale kuti aiwale zonse ziwiri. Nkwabwino kuti lonjezo likhale lalifupi, lochitidwa mwakachetechete pamaso pa wansembe kapena mphunzitsi ndi mboni imodzi, ndipo tsiku lodzalibwereza lidziwike. Lonjezo si sakramenti. Ndi ndodo yoyendera, ndipo ikagwa munthu amaitola.

Mdani wamkulu wa Matt adali maora a madzulo, kuyambira poweruka kufikira pogona, ndiponso Loweruka masana. Kale maora amenewa ankawathera pa mowa, ndipo tsopano adali opanda kanthu. Chimene adachita ndi ichi: akaweruka ankapita ku tchalitchi chakutali ndi kwao, kumene anzake akale sakadampeza, nakhala momwemo kufikira atatseka zitseko. Poyamba sankadziwa kupemphera. Ankangogwada, thupi likunjenjemera, kupempha kuti tsikulo lithe. M'mamawa ankamva Misa asanapite ku nchito, kawirikawiri m'tchalitchi cha Ayezuiti cha Fransisko Zaviere Woyera pa Gardiner Street. M'tchalitchi chomwechi ndi m'mene Bambo James Cullen adayambitsira bungwe la Pioneer mu 1898, la akristu odziletsa mowa chifukwa cha Mtima Woyera wa Yesu, bungwe limene amishonale a ku Ireland adadzafika nalo ku Afrika.

Tsiku lina chilakolako chidamgonjetsa, nalowa m'nyumba ya mowa kumene sankadziwika, ndalama ili m'manja. Wogulitsa adatanganidwa ndi ena, osamuyang'ana. Atadikira, Matt adatuluka, nathawira m'tchalitchi. Kuyambira tsiku limenelo adaleka kuyenda ndi ndalama m'thumba. Pakamwa pake padali potukwana, monga mwa anthu a pa doko. Tsono adabaya mapini awiri mopingasa pa mkono wa jekete lake, kuti akaona kamtandako agwire lilime. Kuwerenga adadziphunzitsa movutikira ali wamkulu kale, kufikira adatha kuwerenga Malembo Oyera ndi mbiri za Oyera, ndipo zimene sankamva ankazilemba pa timapepala kuti akafunse wansembe.

Wina adzati: zimenezo nza mu mzinda, kumene matchalitchi ali pa mseu uliwonse ndipo Misa ili m'mawa uliwonse; nanga mkristu wa ku nthambi ya kutali ya Mkanda kapena ya Guilleme, kumene wansembe amafika mwa kamodzikamodzi ndipo tchalitchi chimakhala chokhoma sabata yonse? Funsoli ndi loona, ndipo silifunika kulizemba. Munthu wa kumudzi sangatsanzire Matt m'zonse. Koma nzeru yake njotheka paliponse: maora oopsa adziwike, ndipo adzazidwe. Kolona ya madzulo pa khomo la mkristu mnzake, kuphunzira nyimbo ndi a kwaya, kuthirira ku dimba kufikira dzuwa litalowa, zonsezi zingagwire nchito imene tchalitchi chotsegula chidagwira ku Dublin. Ndipo tsiku logulitsa fodya asapite yekha. Apite ndi mkazi wake kapena mbale wokhulupirika, amene adzanyamule ndalama pobwerera, ndiponso adzere njira ina yosadutsa pa mtengo uja umene anzake amakhala. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mphakati ndi umene uyenera kupereka mitu inayo.

Ngongole ndi kaligo

Matt sadaganize kuti kulapa kudafafaniza ngongole zake. Pang'onopang'ono adasunga ndalama, nayenda m'nyumba zonse za mowa m'mene adamwa pa ngongole, napereka zimene adakongola, natuluka msanga. Za woimba uja sadaiwale. Adamfunafuna m'nyumba zosungira amphawi za mu Dublin kuti ambwezere mtengo wa choimbira chake, koma sadampeze. Tsono ndalamazo adaperekera Misa zopempherera munthuyo.

Katekisimu amaphunzitsa kuti wakuba ayenera kubweza, ndipo chiphunzitsochi chimakhudza chidakwa koposa m'mene ambiri aganizira. Amene adagulitsa feteleza wa banja, kapena mbuzi imene mkazi adadza nayo kuchokera kwao, kapena adamwera fizi ya mwana, ali ndi ngongole ngakhale adatenga za m'nyumba mwake momwe. Mphunzitsi amthandize kuwerenga ngongolezo bwinobwino ndi kuyamba ndi yaing'ono. Kubweza kumachiritsa onse awiri, pakuti mkazi amene wamva malonjezo zaka khumi sakhulupiriranso mau, koma mbuzi ikabwerera m'khola amaiona.

Kuyambira 1892 Matt adagwira nchito pa bwalo la matabwa la T. & C. Martin. Adali wa Chipani Chachitatu cha Fransisko Woyera. Ankadya pang'ono, ndipo zotsala za malipiro ake ankapatsa anansi osowa ndi amishonale opita ku China. Mu 1913, pamene anchito a mu Dublin adalimbana ndi mabwana ao pa za ufulu wolowa m'bungwe la anchito, iye sadapite ku nchito pamodzi ndi anzake, ndipo thandizo limene bungwelo lidampatsa adaligawira amene adali ndi ana. Mai wake adakhala naye m'chipinda chimodzi kufikira adamwalira mu 1915, ataona mwana wake ali wosaledzera zaka 31.

Za maunyolo

Pa 7 June 1925, tsiku la Utatu Woyera, Matt adagwa mu kanjira kotchedwa Granby Lane akupita ku Misa ku tchalitchi cha Adominikani, namwalira ndi nthenda ya mtima, ali ndi zaka 69. Ku chipatala cha Jervis Street, pomvula zovala, adapeza maunyolo ndi zingwe zomangidwa m'chiuno, pa mkono ndi pa mwendo. Nkhani ya maunyoloyi ndi imene idachititsa anthu kufunsa kuti nkhalamba yosaukayi idali yani. Joseph Glynn adalemba kabuku ka moyo wake, ndipo kadafalikira m'maiko ambiri.

Maunyolowo adali chizindikiro cha kudzipereka ngati kapolo kwa Yesu kudzera mwa Amai Maria, monga adaphunzitsira Louis de Montfort Woyera, yemwe ana ake, ansembe a Montfort, adafika ku Nzama mu 1901. Matt ankagonanso pa thabwa, natsamira mtengo. Aphunzitsi asamayambe ndi zimenezi pofotokoza mbiri yake, ndipo asalole mkristu kuzitsanzira mwa yekha. Matt adafika pamenepo patapita zaka zambiri, ndipo adali ndi wansembe womuongolera, Bambo Michael Hickey, mphunzitsi wa ku Clonliffe. Thupi la munthu amene wangoleka kachasu lazunzika kale mokwanira. Lifuna nsima, ndiwo zabwino ndi tulo.

Pali chenjezo lina limene anthu a nthawi ya Matt sankalidziwa bwino. Munthu amene wamwa tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri akaleka mwadzidzidzi, manja amanjenjemera, thukuta limatuluka, tulo timasowa. Pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amagwa ngati a khunyu, ena amasokonezeka mutu, naona tizilombo pa khoma pamene palibe kanthu. Achibale amathamangira kunena kuti walodzedwa, ndipo akristu ena amati ndi ziwanda zikutuluka. Ai, ndi ubongo umene udazolowera kuponderezedwa ndi mowa, ndipo tsopano wadzambatuka mopitirira. Munthu angathe kufa nazo. Atengedwe msanga ku chipatala cha boma ku Mchinji kapena ku chipatala cha mishoni chapafupi, kumene kuli mankhwala oziziritsa masiku amenewa. Abale a chipani cha St John of God, amene adadza kuchokera ku Ireland komweko, amathandizanso ogwidwa ndi mowa ndi chamba ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kupita kumeneko si kuchepa kwa chikhulupiriro.

Eklezia saphunzitsa kuti mowa pa wokha ndi tchimo. Ambuye adapereka vinyo pa ukwati wa ku Kana, monga awerengera pa mutu 2 wa Yohane, ndipo Katekisimu wa Eklezia Katolika wa 1992, pa nambala 2290, amaletsa kupyola muyeso, osati chikho chilichonse. Koma kwa munthu wonga Matt muyeso udafa kale. Chikho chimodzi chimaitana mtsuko. Choncho akristu amene amamkakamiza pa bona kapena pa ukwati kuti angolawa pang'ono, poti kukana nkunyoza eni mowa, adziwe kuti akuchita choipa chachikulu kuposa anthu aja a pa khomo la O'Meara. Pa mwambo uliwonse wa akristu pasasowe thobwa.

Nanga amene alephera?

Si onse amene nkhani yao imatha ngati ya Matt Talbot, ndipo mphunzitsi amene alonjeza banja kuti pemphero lidzachotsa chilakolako ndithu akulonjeza chimene Eklezia sadalonjeze. M'dziko la China mudali dokotala wachikristu dzina lake Mark Ji Tianxiang, wobadwa mu 1834, amene ankachiritsa osauka mwaulere. Atadwala m'mimba adadzipatsa mankhwala a opium kuti aphe ululu, ndipo mankhwalawo adamgwira ukapolo. Ankalapa kawirikawiri, nagwanso. Wansembe wake, poona kuti tchimo ndi lomwelomwelo, adaganiza kuti alibe mtima wofuna kusintha, namletsa masakramenti kufikira ataleka. Sadathe kuleka. Zaka 30 adakhala wosalandira, koma sadaleke kufika ku Misa. Mu July 1900 gulu la Boxer, limene linkapha akristu, lidamgwira pamodzi ndi a m'banja lake. Adakana kutaya chipembedzo, napempha kuti aphedwe potsiriza, kuti pasakhale mmodzi wa abale ake wofa yekha. Papa Yohane Paulo II adamlemba m'gulu la Oyera pa 1 October 2000, mwa amaritiri 120 a ku China.

Wansembe uja adaweruza monga mwa nzeru za nthawi yake, ndipo nkosavuta kumdzudzula lero. Koma Katekisimu, pa nambala 1735, amaphunzitsa kuti chizolowezi chozika mizu chingachepetse kulakwa kwa munthu pamaso pa Mulungu, pakuti ufulu wake sulinso wathunthu. Izi sizisandutsa kuledzera kukhala chabwino, ndipo sizichotsa udindo wa akulu a mpingo woteteza mkazi ndi ana amene akumenyedwa kapena kugona ndi njala. Pamenepo ankhoswe, mfumu, ngakhale apolisi, ayenera kulowererapo msanga. Zikutanthauza kuti kuweruza ngati munthu ali woyenera kulandira masakramenti ndi nchito ya wansembe m'malo olapira, osati ya msonkhano wa mphakati, ndipo kuti chidakwa chimene chagwa kachisanu nichibweranso kudzagwada kumbuyo kwa tchalitchi sichiyenera kufunsidwa kuti chadzatani.

Mlandu wa Matt Talbot udatsegulidwa ndi Arkiepiskopi Edward Byrne wa ku Dublin mu 1931. Mafupa ake adachotsedwa ku manda a Glasnevin mu 1972, naikidwa m'tchalitchi cha Amai Maria a ku Lourdes pa Sean McDermott Street, pafupi ndi miseu imene iye ankamweramo. Papa Paulo VI adamutcha Wolemekezeka pa 3 October 1975, ndipo Papa Fransisko adapemphera pa tchalitchi chimenechi pa 25 August 2018. Kuti atchedwe Wodala pafunika chozizwitsa chimodzi chimene madokotala sangathe kuchifotokoza. Ambiri amachitira umboni kuti adaleka mowa atampempha, koma bwalo la ku Roma limavutika kuwerengera umboni wotere, popeza kuleka mowa kumachitika pang'onopang'ono, ndipo palibe dokotala amene angalumbire kuti munthu amene ali moyo sadzamwanso mawa.